Kuluka m'mphepete mwa chikopa: ntchito imagona pa zibowo ndi pa chingwe

Bambo, mwalemba kuchokera ku Kawale kuti mwakhala mukusoka nsapato kwa zaka zambiri, ndipo tsopano mwayamba kupanga tizikwama ta ndalama, zikuto za Baibulo ndi zoikamo mipeni. Mukuti munaona chikwama cholukidwa m'mphepete ndi kachingwe kachikopa, munachikonda, koma mutayesa nokha kalukidweko kanatuluka kokhotakhota, chingwe chinaduka kawiri, m'makona munatsala mipata, ndipo chikwama chonse chinapindika ngati tsamba la fodya louma. Mukufunsa ngati vuto lili m'manja mwanu kapena pa zipangizo, ndiponso ngati chikopa cha mbuzi zathu zino chingagwire ntchito imeneyi.

Manja amene amasoka soli ya nsapato tsiku ndi tsiku sangalephere kuluka mkombero wa chikwama, choncho musawakayikire. Zambiri mwa zinthu zinayi zimene mwatchulazi zimayamba singano isanalowe n'komwe m'chikopa. Munthu wopanga lichero amadziwa kuti nsungwi ya mkombero ikakhala yosasalala, kapena akasiya mipata yosiyana pomanga, licherolo lidzakhota ngakhale amange ndi mphamvu zotani. Ndi chimodzimodzi pa chikopa: kalukidwe kamangotsatira njira imene zibowo zakonza, ndipo kamaonetsa poyera khalidwe la chingwe chimene mwadula. Ndiye ndikhalitsa pa zinthu ziwirizi, popeza kuluka kwenikweniko mungakuphunzire madzulo amodzi.

Tiyambe ndi zibowo. Inu munazolowera kubowola ndi singano ya nsapato, imene imasiya kabowo kozungulira koyenera ulusi. Chingwe cholukira n'chophwatalala, ndipo chikalowa m'kabowo kozungulira ndi kothina chimadzipinda, chimatembenuka, mbali yake yamanyawa imabwera kumaso, ndiponso chimakhulika nthawi iliyonse pamene chikudutsa mpaka kuduka. Chimafuna kabowo kochita kucheka, konga kamzere, kotalika mofanana ndi m'lifupi mwa chingwecho. Lamulo limene ine ndimagwiritsa ntchito ndi losavuta kukumbukira chifukwa muyeso wake ndi umodzi: ngati chingwe ndi cha mamilimita 3 m'lifupi, kabowo kakhale ka mamilimita 3, mpata wa pakati pa kabowo ndi kanzake ukhale mamilimita 3, ndipo mzere wa zibowo utalikirane ndi mphepete mwa chikopa ndi mamilimita 3. Mukaupititsa mkati kwambiri mzerewu, chingwe chimalephera kuphimba mphepete ndipo chimakoka chikopa n'kuchikwinya. Mukauika pafupi kwambiri ndi kunja, zibowo zimang'ambika chikwama chisanathe miyezi iwiri m'thumba la mwini wake.

Zingwe za m'sitolo za kunja zimabwera kawirikawiri m'miyeso iwiri, ya mamilimita 2.4 ndi ya mamilimita 3.2, ndipo matchizulo a mano anayi kapena atatu obowolera amapangidwa motsatira miyeso yomweyo. Mukaipeza tchizulo yotere, kumbukirani kuika dzino loyamba m'kabowo komaliza nthawi iliyonse pamene mukusuntha, kuti mpata usasinthe. Mukapanda kuipeza musaime ntchito. Tengani msomali waukulu, muusule nsonga ndi hamala mpaka iphwatalale, muinole ndi fayilo kuti ikhale ya mamilimita 3 ndi yakuthwa ngati mpeni. Ya dzino limodzi imachedwetsa, koma ndi imene imafunika m'makona ndi m'malo okhota, ndipo ine ndili nayo yotere imene ndimaidalira kuposa yogula. Musabowole ndi maso okha. Jambulani mzere ndi kampasi, lembani malo a zibowo ndi rula, ikani thabwa lofewa pansi, ndipo tchizulo iime chilili pomenya, chifukwa ikapendekeka mzere wa kumaso udzaoneka wowongoka pamene wa kumbuyo ukuyenda zigizagi. Zikopa ziwiri zimene zidzalukidwe pamodzi muzimate kaye ndi guluu m'mphepete, muzidule zifanane, kenaka mubowole zonse nthawi imodzi. Yambani ndi zibowo za m'makona, kenaka mudzaze mbali zowongoka, ndipo ngati pakutsala kampata kosakwanira kabiseni pakati pa mbali yaitali pogawa kusiyanako pa zibowo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi.

Za makona ndinene chinthu chimodzi chimene ambiri safuna kumva: kona yakuthwa siilukika bwino. Idulireni kuti ikhale yozungulirako pang'ono, potsatira m'mphepete mwa kakhobidi kapena ka chitsekerero cha botolo. Mukatero chingwe chimakhota nayo mosavuta.

Tsopano chingwe. Mwafunsa za mbuzi, ndipo yankho langa ndi lakuti inde, ndi mtima wonse. Chikopa cha mbuzi chili ndi minyewa yolukana molimba ngakhale chikhale chopyapyala, ndipo dziko lonse lakhala likuchilemekeza kuyambira kalekale. Chikopa chotchuka chokutira mabuku chimene Azungu ankachitcha cha ku Morocco, chambiri mwa icho chinali cha mbuzi zofiira za ku Sokoto kumpoto kwa Nigeria, chimene amalonda ankawoloka nacho chipululu cha Sahara. Mzinda wa Córdoba ku Spain, umene dzina lake linakhalira pa kalukidwe kamene ndikufotokozereni, unatchukanso ndi zikopa za mbuzi. Chingwe chimene akatswiri ambiri amati n'cholimba koposa ndi cha kangaroo ya ku Australia, koma mtengo wake kuti chifike ku Lilongwe ungadye phindu lonse la chikwama, ndipo pa ntchito imene inu mukugwira mbuzi yofufutidwa bwino ikukwanira. Chimene muyenera kupewa ndi chikopa cha nkhosa. Majekete ambiri achikopa a pa kaunjika ku Tsoka ndi a nkhosa, ofewa bwino m'manja, koma mukadulako chingwe chimatamuka ngati mphira ndipo chimang'ambika msanga. Ndikukayikira kuti chingwe chanu chija chinachokera ku chikopa chotere, kapena munachidula cha kumimba.

Malo odulapo ali ndi kanthu kwambiri. Chikopa cha nyama iliyonse n'cholimba kumsana ndi m'mbali mwa msana mpaka kumatako, ndipo n'cholobodoka kumimba ndi m'khwapa. Jambulani bwalo pamalo olimbawo, mulidule, kenaka muyambe kudula chingwe kuchokera kunja mozungulira, mukulowera mkati pang'onopang'ono ngati mmene amasendera lalanje osadula khoko. Anthu amadabwa ndi kutalika kwa chingwe chimene chimatuluka. Bwalo la masentimita 30 kuchoka mbali ina kufika mbali ina, lodulidwa mamilimita 3 m'lifupi, limapereka chingwe cha mamita oposa 20, ngakhale mutataya kapakati kamene kamakhota kwambiri. Chodulira chake mungachipange nokha: khomani kathabwa kakang'ono pa thabwa lalikulu kuti kakhale mpanda, zikani lezala latsopano pa mtunda wa mamilimita 3 kapena 4 kuchokera pa mpandawo, ndipo muzikoka chingwe mofatsa bwalo likuzungulira lokha.

Chingwe chongodulidwa kumene sichinapse. Chinyowetseni pang'ono, muchimange pa mtengo, muchikoke mpaka chisiye kutamuka, ndipo chiume chili chokokedwa pamthunzi. Chikauma mudzaona kuti malo ena chaonda kuposa ena, ndiye muchidutsitsenso pa lezala kuti chifanane m'lifupi, ndi chifukwa chake n'kwabwino kuyamba mwadula chotakatako. Kenaka muchipale kumbuyo mpaka kuchindikala kwake kukhale kochepera milimita imodzi, ndipo ngati dzanja likulola mudule timphepete take ta kumbuyo mopendeketsa, kuti chizigona pa chinzake osadzutsa milomo. Pomaliza muchidutsitse kangapo pa phula la njuchi, lomwe lija alenje ndi oimba ng'oma amalidziwa. Ntchito imeneyi imatenga nthawi yofanana ndi kuluka kwenikweniko, ndipo ndi imene imasiyanitsa mkombero wosalala ngati msana wa njoka ndi mkombero wamanyawa.

Kafufutidwe ka chikopa nakonso muziyang'ana. Zikopa zambiri zimene zili pa msika masiku ano zinafufutidwa ndi mankhwala a chrome, njira imene inafala kuchokera pamene Augustus Schultz anailembetsa ku America mu 1884. Mukachidula chikopa chotere, pakati pake pamaoneka motuwa mobiriwirako, ndipo madzi salowa msanga. Chofufutidwa ndi makungwa a mitengo, monga a wattle amene amalimidwa ku KwaZulu-Natal ndi ku Njombe m'dziko la Tanzania, chimakhala chofiirira mpaka mkati, chimamwa madzi n'kudera, ndipo chimasunga maonekedwe amene mwachipatsa. Pa thupi la chikwama chimene chidzalukidwe, cha makungwa ndicho chabwino chifukwa mphepete yake imaima nji pansi pa chingwe. Chikopa chofewa cha chrome chimagonja mukakoka, ndipo ichi chingakhale chifukwa china chimene chikwama chanu chinapindikira. Ngati chimene muli nacho ndi chofewacho, matani kansalu ka chikopa cholimba mkati m'mphepete monse musanabowole. Chenjezo limodzi pa cha makungwa: chikanyowa n'kukhudzana ndi chitsulo chimachita mawanga akuda amene sachoka, choncho musasiye singano kapena msomali pa chikopa chonyowa, ndipo fumbi la fayilo likhale kutali ndi tebulo.

Chikopa chosafufuta, chonga cha ng'oma, chili ndi malo ake. Chimalukidwa chili chonyowa, chikauma chimafinya n'kuuma gwa, ndipo n'chabwino pomanga chigwiriro cha mpeni kapena mpando. Pa kachikwama ka m'thumba ayi, chifukwa chimakanda, ndipo nthawi ya dzinja chimafewanso n'kununkha.

Tifike pa kuluka. Njira yapafupi kwambiri ndi yongozunguliza chingwe m'mphepete, kulowa kabowo kalikonse kamodzi, imene m'mabuku amaitcha whip stitch. Imadya chingwe chotalika katatu ndi theka kuyerekeza ndi mphepete, imatha msanga, koma imasiya chikopa chikuonekera pakati. Ina ndi single loop, pamene mukatuluka m'kabowo mumadutsa pansi pa chingwe chimodzi musanapite ku kabowo kotsatira. Imadya pafupifupi kasanu ndi kamodzi, ndipo imayenera zinthu zopyapyala monga kathumba ka makiyi. Koma imene ndikufuna muigwire bwino ndi double loop, imene ena amaitcha double cordovan, chifukwa ndi imene munaiona pa chikwama chija ngati kalukidwe kake kanali konga tsitsi loluka, ndiponso chifukwa imaphimba mphepete ya zikopa ziwiri popanda kusiya mpata.

Gwirani chikwama kumaso kwake kukuyang'anani, ndipo muziyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja. Lowetsani singano m'kabowo koyamba kuchokera kumaso, mukoke mpaka kutsale kamchira ka masentimita 2. Bweretsani chingwe pamwamba pa mphepete, mulowe kabowo kachiwiri kuchokeranso kumaso, koma chingwecho chidutse pamwamba pa kamchira kaja mutakagoneka kumbuyo, kuti pamwamba pa mphepete papangike kamtanda. Tsopano singano ilowe pansi pa kamtandako, pansi pa zingwe zonse ziwiri, kuchokera kumaso kupita kumbuyo, ndipo mukoke mpaka chigone. Mukalowa kabowo kachitatu papangikanso kamtanda kena, ndipo mulowenso pansi pake. Kuyambira pamenepo nyimbo yake ndi imodzi mpaka kumapeto: m'kabowo, pansi pa mtanda, m'kabowo, pansi pa mtanda. Singano nthawi zonse imachoka kwa inu kupita kutali, siibwerera kudzera kumbuyo.

Pali zinthu ziwiri zimene dzanja liyenera kuzolowera. Choyamba, musanalowetse singano paliponse, tsetserezani chingwe pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala kuchokera pa chikwama mpaka pa singano, kuti mutsimikize kuti sichinapotoke ndipo mbali yosalala ikhala kunja. Kupotoka kumodzi kokha kumaonekera patali, ndipo kukonza kwake ndi kumasula basi. Chachiwiri ndi kakokedwe, ndipo apa ndi pamene osoka nsapato ambiri amagwa, chifukwa anazolowera kukoka ulusi mpaka ulowe m'chikopa. Pa kuluka, m'kabowo mumakoka molimbako, koma pansi pa mtanda mumangokoka kuti chingwe chigone, osachifinya. Mphamvu yake ikhale yofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukayamba m'mawa muli ndi mphamvu n'kumaliza madzulo mutatopa, mkombero udzanena zimenezo. Ine ndikaluka chinthu chachikulu ndimayesetsa kumaliza mbali imodzi yonse ndisanadzuke pampando.

Pa kona, njira ya kunja ndi yaitali kuposa ya mkati, ndiye zibowo zimachepa pa mtunda umene chingwe chiyenera kuphimba. Mipata imene munaiona inachokera pamenepa. Lowani kawiri m'kabowo kalikonse mwa zibowo zitatu za pa kona, ndipo nthawi iliyonse muzidutsa pansi pa mtanda monga mwa masiku onse. Zibowo zimenezi muzikuze pang'ono ndi kamtengo kosongola musanayambe.

Double loop imadya chingwe pafupifupi kasanu ndi katatu kuyerekeza ndi mphepete. Kachikwama ka ndalama ka masentimita 22 m'litali ndi 9 m'lifupi katatambasulidwa kali ndi mphepete ya masentimita 62, ndiye kafuna chingwe cha mamita 5. Chikuto cha Baibulo cha masentimita 32 ndi 23 chili ndi mphepete ya masentimita 110, ndipo chifuna pafupifupi mamita 9. Koma musaluke ndi chingwe chonsecho nthawi imodzi. Chingwe cha mamita 9 chimadutsa m'zibowo zoposa 100, ndipo mbali ya kufupi ndi singano imafika kumapeto itakhulika, itaonda ndi kutaya kuwala. Dulani zidutswa zosapitirira mita imodzi ndi theka kapena mamita 2, ndipo muzilumikiza. Polumikiza, palani nsonga ya chakale kumaso ndi nsonga ya chatsopano kumbuyo pa utali wa masentimita 2, mpaka zikaphatikizana zichindikale ngati chingwe chimodzi, mupake guluu pang'ono, mufinye, mudikire ziume. Mfundo musamange ayi. Konzani kuti cholumikizacho chisagwere pa kona kapena pamene chikwama chimapindikira, ndipo pa chifukwa chomwecho musayambire kuluka pa malo amenewa. Yambirani pakati pa mbali yowongoka.

Singano yake ndi yophwatalala, ya timano tiwiri kumbuyo togwira chingwe. Ngati palibe, dulani kachitsulo kopyapyala pa chitini, mukapinde kuti kalume nsonga ya chingwe, musule ndi kunola kutsogolo. Ena amangosongola nsonga ya chingwe n'kuiumitsa ndi guluu, ndipo pa ntchito yaing'ono zimatheka.

Kutseka ndi gawo lovuta koposa, ndipo ndikupemphani kuti muliphunzire pa kachidutswa kotaya musanafike pa katundu wa kasitomala. Mukazungulira mpaka kutsale kabowo kamodzi, masulani kamchira koyamba kaja ndi kamtengo kosongola, mukasolole m'kabowo kake kudzera pakati pa zikopa ziwiri, mukadule kafupike n'kukabisa momwemo ndi guluu. Pamatsala kabowo kopanda kanthu ndi kachingwe kozungulira kali chiimire. Pitirizani kuluka mpaka kabowo kotsiriza, mudutsitse singano m'kachingwe kozungulirako kuchokera pansi, mupite pansi pa mtanda wanu womaliza, mubwererenso m'kachingwe komweko kuchokera pamwamba, kenaka mulowe kabowo kotsala n'kutulukira pakati pa zikopa. Musakoke msanga. Sendezani kulobodoka konse pang'onopang'ono ndi kamtengo mpaka malowo afanane ndi anzake, ndipo pokhapo mudule. Zikatheka bwino, ngakhale inu mwini mudzavutika kupeza pamene munayambira. Mukatha, gonekani chikwama pa thabwa losalala, mumenye mkombero wonse mopepuka ndi nyundo yamtengo kuti zingwe zikhazikike, kenaka mupukute ndi nsalu.

Pali kalukidwe kena kokongola kwambiri kotchedwa Mexican round braid, kamene kamaoneka ngati dengu lozungulira mphepete yonse. M'kabowo kalikonse mumalowa kawiri, choncho zibowo zimafunika zokulirapo. Kasiyeni kaye mpaka double loop izituluka yofanana popanda kuganiza.

Chinthu chotsiriza ndi chimene chinandiphunzitsa ndi manyazi. Zaka zapitazo ndinapangira mayi wina chikwama chonyamula paphewa, ndipo chifukwa chokondwa ndi kalukidwe ndinalumikiza lamba wake ndi chingwe chokha, wopanda ulusi. Patapita milungu yochepa anabwera nacho m'manja, lamba atazuka ali mu depoti, zibowo zisanu zitang'ambika motsatizana ngati pepala la risiti. Zibowo zocheka zimene zandandalikana pafupi ndi mphepete zimafooketsa chikopa, ndipo chingwe chopyapyala sichinapangidwe kuti chinyamule katundu. Kuluka kumateteza ndi kukongoletsa mphepete, koma pamene pali kulemera kapena kukoka, monga pa lamba, pa chigwiriro ndi pakamwa pa thumba, sokani kaye ndi ulusi wopaka phula monga mmene mumasokera nsapato, mzere wake ukhale mkati mwa mzere wa zibowo, ndipo kuluka kubwere pambuyo. Pa choikamo mpeni onjezani chinthu chinanso: matani kachikopa kochindikala pakati pa mbali ziwiri, motsatira kumene kumayang'ana kuthwa kwa mpeni, kuti mpeni uzikhudza kachikopako osati chingwe. Popanda iko, tsiku lina mpeni udzadula kalukidwe kuchokera mkati ndipo udzafika pa ntchafu ya mwini wake.

Posamala katundu womalizidwa, kumbukirani nyengo yathu. Kuyambira Disembala mpaka Malichi chinyezi chimabisala m'mipata ya kalukidwe ndipo chuku chimayambira momwemo, choncho musasunge zikwama m'majumbo apulasitiki, zipachikeni pamalo opita mphepo. M'mwezi wa Okutobala vuto ndi dzuwa, limene limaumitsa chingwe chopyapyala msanga kuposa thupi la chikwama, ndiye ngati mumayala malonda panja muziwaika pamthunzi. Mafuta ophikira musapake, chifukwa amasasa n'kununkha. Phula la njuchi losungunulidwa ndi mafuta pang'ono a nsatsi, lopakidwa mopyapyala ndi chala kawiri pa chaka, likukwanira, ndipo fumbi la m'mipata muzichotsa ndi mswachi wakale wouma musanapake.